Mabogi Akale a Sitima Akusowa Denga ndi Manja Atsopano

Munthu akafika pa siteshoni ya imodzi mwa njanji zakale zimene anthu a ku Britain anazipulumutsa kuti zisazulidwe, chimene amayamba kuthamangira ndi injini. Amaijambula ikufuka utsi, amatchera khutu kuti amve kulira kwake, ndipo ana amakwezedwa m'mwamba kuti asuzumire moto wa malasha umene ukulilima m'ng'anjo. Nthawi yonyamuka ikakwana, khamu lonselo limalowa m'mabogi, ndipo kwa ola lathunthu kapena kuposerapo injini ija saionanso. Zimene wokwera amaona ndi kukhudza pa ulendo wonsewo ndi mpando, zenera, chitseko, nyale yakudenga ndi matabwa opakidwa vanishi, ndipo zambiri mwa zimenezi zinadutsa m'manja mwa anthu amene salandira malipiro alionse. Ine ndikuona kuti anthu amenewa, amene amathera masiku awo opuma akupala penti yakale, kuchotsa matabwa owola ndi kupentanso mabogi, ndiwo akusenza gawo lalikulu la ntchito yosunga mbiri ya njanji. Ndikuonanso kuti oyendetsa njanjizi pamodzi ndi opereka ndalama sakuwapatsa mokwanira zinthu ziwiri zimene ntchito yawo ikudalira, zomwe ndi denga losungiramo mabogi okonzedwa ndi achinyamata oti alandire lusoli eni ake adakali ndi mphamvu.

Kukondera injini kunayamba kale, ndipo chiyambi chake chimadziwika. Mu 1963 Richard Beeching, mkulu wa njanji za boma pa nthawiyo, anatulutsa lipoti lolimbikitsa kuti njanji zotalika mamailosi pafupifupi 5,000 ndi masiteshoni oposa 2,000 atsekedwe, ndipo pofika mu Ogasiti 1968 kampani ya boma ya British Railways inali itasiya kuyendetsa sitima za malasha pa njanji zake zikuluzikulu. Injini zambirimbiri zinagulitsidwa kwa ophwasula zitsulo. Ku Barry, kumwera kwa Wales, kampani ya Woodham Brothers inagula injini 297, koma inaona kuti kudula ngolo zonyamula katundu kunali kosavuta ndiponso kwa phindu lachangu, choncho injinizo zinangoimikidwa panja kwa zaka zambiri mpaka magulu a anthu okonda njanji anasonkha ndalama n'kuwombolapo 213. Nkhani imeneyi imakambidwa monyadira, ndipo m'pake. Mabogi analibe mwayi wotere. Bogi yamatabwa ikatha ntchito, njira yachidule inali kuitentha kuti patsale zitsulo zogulitsa, ndipo imene yapulumuka moto inkachotsedwa mawilo n'kugulitsidwa kwa mlimi woti azisungiramo nkhuku kapena zipangizo, kapenanso kwa banja lofuna kanyumba kosakwera mtengo ka m'mphepete mwa nyanja.

Kunyozeka kumeneku ndiko kunasunga ena mwa mabogi akale kwambiri, chifukwa munthu amene akugona m'bogi amaonetsetsa kuti denga lake silikudontha. Njanji ya Isle of Wight Steam Railway, imene malo ake ogwirira ntchito ali ku Havenstreet, yatola mabogi a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria amene kwa zaka makumimakumi anali nyumba zogonamo ndi zosungiramo katundu, n'kuwakonza ndi kuwakweza pa zitsulo ndi mawilo a ngolo zina, ndipo lero akunyamulanso anthu. Bogi nambala 353 ya Metropolitan Railway, yopangidwa mu 1892, nayonso inakhalapo nyumba yokhala pansi yopanda mawilo isanakonzedwe ku Boston Lodge, malo ogwirira ntchito a njanji ya Ffestiniog, ndipo mu Januwale 2013 inayendanso pansi pa mzinda wa London pokumbukira kuti njanji yapansi ya mumzindawo yakwanitsa zaka 150. Aliyense amene anaonapo bogi ya mtunduwu isanakonzedwe, ili ndi khomo lobooledwa pamene panali zenera ndiponso ndere zitamera pa matabwa, amadziwa kuti mawu akuti kupenta amabisa ntchito yaikulu kwambiri.

Funso loyenera kuyankhidwa ndi lakuti bogi ili ndi chiyani chimene injini ilibe. Injini imatiuza za nzeru za akatswiri opanga makina, ndipo anthu amene anakwerapo m'kachipinda kake anali ochepa: woyendetsa ndi woponya malasha. Bogi imatiuza za wina aliyense. Sitima zitangoyamba, anthu osauka ankanyamulidwa m'ngolo zopanda denga, kawirikawiri zopandanso mipando, akunyowa ndi mvula ndi kupsa ndi timakala tochokera ku injini. Lamulo la 1844, limene nduna ya boma William Gladstone inalitsogolera, linakakamiza makampani kuti tsiku lililonse aziyendetsa sitima imodzi yoima pa siteshoni iliyonse, yothamanga mamailosi osachepera 12 pa ola, ya mtengo wosapitirira peni imodzi pa mailosi, yokhala ndi mipando komanso yotchinga anthu ku mvula ndi mphepo. Mu 1872 kampani ya Midland Railway inalola okwera kalasi yachitatu kulowa m'sitima zake zonse, ndipo mu 1875 inathetsa kalasi yachiwiri n'kuyamba kupatsa a kalasi yachitatu mipando yofewa, zimene makampani anzake anakwiya nazo. Dzina lakuti kalasi yachitatu linakhalabe pa zitseko mpaka 1956. Mbiri yonseyi munthu akhoza kuiwerenga m'buku, koma amaimvetsa mwa njira ina akakhala pa benchi yathabwa mawondo akugundana ndi a mnzake wa moyang'anizana naye, kenaka n'kusuzumira m'chipinda choyandikana cha kalasi yoyamba chimene mipando yake ndi yotakasuka, yokutidwa ndi nsalu yochindikala. Kusiyana kwa olemera ndi osauka kunkayezedwa ndi mainchesi, ndipo mainchesiwo adakalipo m'mabogi amene anthu odziperekawa anawakonza.

Ngakhale zinthu zooneka zazing'ono zimanyamula nkhani. Pa njanji ya Talyllyn ku Wales, imene mu 1951 inakhala yoyamba pa dziko lonse kutengedwa ndi kuyendetsedwa ndi anthu odzipereka motsogozedwa ndi Tom Rolt ndi anzake, mabogi ali ndi zitseko mbali imodzi yokha. Chifukwa chake n'chakuti mu 1866 woyendera njanji wa boma, Captain Henry Tyler, anapeza kuti mpata wa pakati pa mabogi ndi makoma a milatho unali wochepa, ndipo eni njanjiyo anathetsa vutolo potseka zitseko za mbali imodzi ndi kusunthira njanji pambali pansi pa milathoyo. Mabogi oyambirira a njanjiyi, a m'zaka za m'ma 1860, alipobe ndipo amatulutsidwa kuti anyamule anthu. Ku Ffestiniog kuli mabogi awiri a 1872, nambala 15 ndi 16, amene ali m'gulu la mabogi oyambirira ku Britain kuyenda pa timagulu ta mawilo tozungulira patokha pokhota, njira imene pafupifupi sitima iliyonse yonyamula anthu ikutsatira lero. Zinthu ngati zimenezi zikawola, sizingagulidwe kwina.

Tsopano tione ntchito yeniyeniyo, pakuti anthu ambiri amene amaipeputsa sanaimepo pafupi nayo. Mdani wamkulu wa bogi ndi madzi, ndipo madzi amayambira kudenga. Denga la bogi yakale ndi matabwa okutidwa ndi chinsalu cholimba chimene chimamatidwa ndi kupakidwa penti kangapo. Chinsalucho chikang'ambika pang'ono pokha, madzi amalowa n'kutsika mwakachetechete m'kati mwa khoma, amakafika m'malo olumikizira mizati ndi mitanda, ndipo pomwe wokwera adzaone banga pa siling'i, thabwa lonyamula khomalo limakhala litafumbutuka kale. Madzi amalowanso pa mazenera otsitsa ndi lamba wachikopa, chifukwa galasi lake limatsikira m'kati mwa chitseko, ndipo tizibowo totulutsira madzi tikatsekeka ndi dothi, chitseko chimawola kuyambira pansi. Choncho asanagwire bulashi, okonzawo amavula bogi yonse, amachotsa matabwa akunja limodzilimodzi, amalemba nambala pa chilichonse kuti chidzabwerere pamalo pake, amadula mbali zowola n'kulumikiza mtengo watsopano, ndipo amachotsa masikuluu mazanamazana amene dzimbiri linawadya mpaka kung'amba mtengo umene analowamo. Mabogi achitsulo a mtundu wa Mark 1, amene British Railways inayamba kupanga mu 1951 ndipo ndiwo amanyamula okwera ambiri pa njanji zosungidwazi, ali ndi matenda awoawo: amachita dzimbiri pansi pa mazenera, m'mphepete mwa zitseko ndi kumapeto kwa bogi, malo amene mizati yake imayenera kuteteza anthu sitima ikagunda chinthu. Apa pamafunika wodula chitsulo ndi wowotcherera waluso.

Kupenta kumadza kumapeto, ndipo n'kumene kumayesa mtima wa munthu. Penti ya bogi imapakidwa ndi bulashi, mosanjikiza: yoyamba yomatirira ku mtengo kapena ku chitsulo, kenaka zotsekera maenje, kenaka penti yapansi kangapo, kenaka ya mtundu weniweniwo, ndipo pamwamba pake vanishi. Pakati pa kupaka kulikonse pamakhala kudikira kuti iume ndi kukwecha ndi sandipepa yonyowa mpaka dzanja lisamvenso kanthu likamadutsa pakhomapo. Wopenta waluso amagwira ntchito mofulumira kuti m'mphepete mwa pamene wapaka musaume asanalumikize, ndipo amamaliza ndi kudutsitsa nsonga za bulashi mopepuka kuti mizere yake isaoneke. Fumbi likatsika kuchokera kudenga la shedi, kapena chinyezi cha usiku chikagwira penti yosauma, ntchito ya tsiku lonse imakwechedwanso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'ntchito imeneyi wopupuluma amadziwika ndi penti yoyenderera ngati misozi pansi pa zenera. Zikatha izi amabwera wojambula mizere yopyapyala ya m'mbali mwa bogi ndi wolemba manambala ndi zilembo pamanja, nthawi zina pogwiritsa ntchito golide wopsapsala kwambiri moti mpweya wa m'kamwa ukhoza kumuulutsa. Mabogi a kampani ya London and North Eastern Railway a m'nthawi ya injiniya wake wamkulu Nigel Gresley sanali kupentedwa n'komwe, chifukwa anali a mtengo wa teak wopakidwa vanishi kambirimbiri, ndipo kampaniyo itayamba kupanga mabogi okutidwa ndi chitsulo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, amisiri ake ankajambula maonekedwe a mtengowo pa chitsulocho kuti sitima yonse izioneka mofanana. Luso lojambula mtengo pa chitsulo lilipobe m'manja mwa anthu owerengeka, ndipo ena mwa iwo ali m'mashedi a njanji zimenezi.

Penti imeneyi ndi chikopa cha bogi. Kukongola kwake kumakopa alendo, inde, koma ntchito yake yoyamba ndi kutsekereza madzi ndi dzuwa kuti zisafike pa mtengo ndi chitsulo. Wopenta bwino amatalikitsa moyo wa ntchito ya kalipentala ndi ya wowotcherera, ndipo wopenta mwachisawawa amaiwononga yonse.

Pali ena amene amati zonsezi ndi zoseweretsa za madoda opuma pa ntchito amene akulakalaka ubwana wawo. Sindikana kuti kukumbukira zakale kumakoka anthu ambiri kubwera ku mashediwa, ndipo sindiona cholakwa pamenepo. Chimene chimakoka munthu ndi nkhani yake. Chimene iye amasiya ndi bogi ya zaka zoposa 100 imene ana a sukulu akhoza kukweramo. Njanji zosungidwa za ku Britain zimadalira anthu odzipereka oposa 20,000, ndipo popanda iwo mtengo wa tikiti sukanafikirika ndi banja wamba.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi china, ndipo chimachokera kwa akatswiri osunga zinthu zakale. Iwo amafunsa kuti ngati mwachotsa matabwa ambiri, mwakweza bogiyo pa zitsulo za ngolo ina, mwaika nsalu yatsopano pa mipando ndi kupala penti yonse imene amisiri akale anapaka, ndiye chimene mwasunga n'chiyani? Funsoli ndi loona, ndipo okonza mabogi sayenera kulinyalanyaza. Penti yakale ili ndi umboni. Pansi pa penti ya pamwamba pamapezeka mitundu ya makampani onse amene anakhalapo eni ake a bogiyo, manambala akale, ngakhale zizindikiro zimene mmisiri analemba ndi pensulo kuseri kwa thabwa, ndipo munthu wachangu wokhala ndi makina okwechera akhoza kufafaniza zonsezi masana amodzi. Ndikuvomerezanso kuti pali mabogi ena amene sayenera kuyendanso. Bogi ya Mfumukazi Adelaide ya 1842 ndi ya Mfumukazi Victoria ya 1869, zimene zili ku National Railway Museum mumzinda wa York, n'zoyenera kukhala m'nyumba momwemo, nsalu zake zoyambirira zikutetezedwa ku kuwala ndi ku manja a anthu. Koma mabogi otere ndi ochepa. Bogi wamba ya kalasi yachitatu imene yapezeka m'munda ilibe nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ikuidikira. Ikapanda kukonzedwa kuti iyende n'kumadzipezera yokha ndalama za tikiti, idzawola pomwepo, ndipo umboni wonse uja udzapita nayo. Tikumbukirenso kuti makampani a njanji eni akewo ankachita zomwezi, chifukwa bogi inkabwerera ku fakitale pakapita zaka zingapo kukasinthidwa matabwa, mawilo ndi penti, moti panalibe bogi imene inatha zaka 40 pa njanji ili ndi zonse zimene inabadwa nazo.

Chimene ndingapemphe kwa okonzawo n'choti azichita chilungamo. Thabwa limene lingathe kutsala lisiyidwe, ngakhale kulumikiza kachidutswa kutakhala kochedwetsa kuposa kusintha lonse. Chilichonse chochotsedwa chijambulidwe ndi kulembedwa, zidutswa zokhala ndi penti yakale zisungidwe, ndipo wokwera auzidwe poyera ngati mawilo ali pansi pake anachokera ku ngolo ina. N'chimodzimodzinso ndi mtundu wa penti. British Railways inayamba ndi kufiira ndi kirimu, mu 1956 inasintha kupita ku kufiira kodera pamene chigawo cha kumwera chinabwerera ku mtundu wobiriwira, ndipo m'zaka za m'ma 1960 kunabwera buluu ndi kotuwa. Njanji ina ikasankha kupaka bogi mtundu umene bogiyo sinavalepo, pofuna kuti sitima yonse ifanane, ili ndi ufulu wotero, koma isanamize mwana wa sukulu kuti umu ndi mmene zinalili. Bungwe la Vintage Carriages Trust la ku Ingrow, pa njanji ya Keighley and Worth Valley, linachita ntchito yotamandika poyambitsa kaundula wa mabogi otsala, kuphatikizapo amene adakali pansi m'minda, ndipo mtima wolemba zinthu umenewu uyenera kufika pa benchi ya kalipentala aliyense.

Pa nkhani ya chitetezo sipayenera kukhala kunyengererana. Sitima za pa njanji zimenezi kawirikawiri sizipitirira mamailosi 25 pa ola, koma liwiro limenelo n'lokwanira kupha munthu, ndipo ofesi ya boma ya Office of Rail and Road imaziyang'anira monga imayang'anira njanji zina. Mu Juni 2017, pa njanji ina ya m'chigawo cha Devon, mwana wamng'ono analowa pa chitseko cha chimbudzi cha bogi ya Mark 1 chimene pansi pake panali patachotsedwa pokonza mabuleki, ndipo anapulumuka chifukwa mayi ake anamugwira asanagwere pa mawilo. Chaka chotsatira njanjiyo inalipitsidwa chindapusa cha £40,000. Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti bogi yonyezimira kunja ikhoza kukhala yoopsa m'kati, ndipo kuti kudzipereka sikulowa m'malo mwa kuyendera bogi mwadongosolo ndi kusunga zolemba za chilichonse chokonzedwa. Malamulo a chitetezo cha mabogi analembedwa anthu atafa. Mabuleki ogwira sitima yonse nthawi imodzi anakhala okakamiza mu 1889 pambuyo pa ngozi ya ku Armagh imene inapha anthu 80, ndipo ngozi ya ku Quintinshill ya 1915, imene inapha anthu oposa 200, inaonetsa zimene moto umachita m'mabogi amatabwa ounikira ndi gasi. Wokonza bogi yakale amene amaika nyale za magetsi m'zotengera zooneka ngati za gasi sakuphwanya mbiri, akuilemekeza. Chitetezo chikhudzenso odziperekawo, chifukwa penti yakale imakhala ndi mtovu ndipo mabogi ena ali ndi asbestos m'makoma, chotchingira kutentha chimene fumbi lake limawononga mapapo, choncho njanji imene ikulandira ntchito yaulere ili ndi ngongole yopereka zotchinga kumphuno zoyenera, makina okoka fumbi ndi malo osambira.

Apa ndiye pakufika dandaulo langa loyamba. Gulu la anthu likhoza kutha zaka zambiri pa bogi imodzi. Mabogi anayi a teak a Metropolitan Railway, opangidwa pakati pa 1898 ndi 1900, amene njanji ya Bluebell ya ku Sussex inagula mu 1961, anatenga zaka zoposa 10 kuti akonzedwe onse. Ndiye taganizani kuti ntchito yotere ikatha, bogi n'kuimikidwa panja chaka chonse, dzuwa likusweka pa vanishi ya mbali imodzi, mvula ikufunafuna ming'alu, chisanu chikukulitsa mng'alu uliwonse umene madzi alowamo. Pakapita zaka zochepa anthu omwewo, atakalambirako, amaitanidwa kuti adzayambirenso, ndipo bogi ina imene inkadikira pamzere itafunditsidwa chinsalu imapitiriza kuwola. Uku n'kuwononga moyo wa anthu amene anapereka nthawi yawo mwaulere. Bogi yogona panja imakhalanso pangozi ya anthu oipa mtima, monga zinachitikira mu Julaye 2017 pamene mabogi a teak a pa njanji ya North Yorkshire Moors anaphwanyidwa mazenera ndi kuwonongedwa m'kati usiku umodzi.

Mankhwala ake amadziwika ndipo ena anayamba kale kumwa. Njanji ya Severn Valley inamanga shedi yaitali ku Kidderminster yokwana mabogi oposa 50 mothandizidwa ndi thumba la Heritage Lottery Fund, ndipo Bluebell yakhala ikusonkha ndalama kwa zaka zambiri pa ntchito imene inaitcha Operation Undercover, yolowetsa mabogi ake pansi pa denga. Vuto n'lakuti shedi siikopa opereka ndalama. Pempho lokonzera injini yotchuka limadzaza thumba mwachangu, chifukwa wopereka amadziona ataima pafupi nayo tsiku limene idzafukenso utsi, pamene pempho la malata ndi mizati silisangalatsa munthu. Komatu paundi imodzi yoikidwa pa denga imateteza ntchito ya mabogi onse amene adzagone pansi pake kwa zaka makumi angapo, ndipo imamasula manja a odzipereka kuti apite ku bogi imene sinakhudzidwepo. Atsogoleri a njanjizi ali ndi udindo wouza owathandiza zoona zimenezi, ngakhale zitachititsa kuti injini ina idikire chaka china. Njanji yokhala ndi injini zisanu zonyezimira ndi mabogi odontha ilibe chogulitsa, pakuti tikiti imagulidwa kuti munthu akhale pampando.

Dandaulo lachiwiri ndi la manja. Mbadwo umene unayambitsa njanjizi unali ndi anthu amene anaphunzira ntchito m'mafakitale a mabogi a ku Wolverton, York, Derby, Swindon ndi Eastleigh, ndipo anabweretsa luso lawo lonse ku mashedi a odzipereka. Anthu amenewo atsala ochepa, ndipo amene anaphunzira kwa iwo nawonso imvi zachuluka. Mabogi a masiku ano amapoperedwa penti ndi makina kapena kumatidwa mapepala apulasitiki, choncho kulibe fakitale imene ikuphunzitsa mnyamata kapena mtsikana kuyala chinsalu padenga, kusoka mpando wa ubweya wa hatchi, kapena kujambula mzere wowongoka wa mamita ambiri ndi dzanja. Luso lotere silisungika m'buku, chifukwa kulemera kwa bulashi yonyowa bwino ndi nthawi yoyenera kuikira golide pa guluu amene wayamba kuuma zimadziwika ndi zala za munthu amene anaima pafupi ndi mphunzitsi wake.

Pali chopinga china chimene chimachokera ku malamulo. Lamulo la 1920 lonena za kulemba ntchito amayi, achinyamata ndi ana, limene linapangidwa pofuna kuteteza ana ku ntchito zoopsa za m'mafakitale, lakhala likumasuliridwa kuti likuletsa ana osakwana zaka 16 kugwira ntchito pa njanji ngakhale mongodzipereka. Bungwe la Heritage Railway Association, pamodzi ndi Lord Faulkner of Worcester m'nyumba ya malamulo, lakhala likulimbikira kuti zimenezi zikonzedwe, ndipo ine ndili kumbali yawo. Chidwi cha mwana chimagwidwa ali ndi zaka 12 kapena 13, ndipo akauzidwa kuti adikire mpaka 16 amakhala atapeza kale china chochita. Palibe amene akupempha kuti mwana aloledwe kulowa pansi pa sitima kapena kukwecha penti ya mtovu. Kupukuta zitsulo zamkuwa, kusanja masikuluu ndi kupaka penti yapansi pa thabwa latsopano, moyang'aniridwa ndi wamkulu wovomerezeka kugwira ntchito ndi ana, n'kosaopsa kuposa masewera ambiri amene ana amaloledwa kuchita.

Koma lamulo lisakhale pobisalira, chifukwa chopinga china chili m'mashedi momwemo. Wachinyamata kapena mayi amene wabwera koyamba n'kupatsidwa tsache miyezi ingapo, osaloledwa kugwira bulashi chifukwa akuti adzawononga, sabweranso, ndipo sitingamudzudzule. Mmisiri wakale amaopa kuona khoma limene walikwecha milungu yambiri likuyenderera penti m'manja mwa wophunzira, ndipo mantha akewo ndi omveka. Njira yake ilipo pa njanji iliyonse: ngolo zonyamula katundu, zitseko zochotsedwa ndi mabenchi a pa siteshoni ndi malo abwino ophunzirirapo, pamene kulakwitsa kumakonzedwa ndi sandipepa popanda kutaya zambiri. Njanji zikuluzikulu zingapo zinayamba kulemba achinyamata ophunzira ntchito olipidwa, amene amagwira limodzi ndi odzipereka mkati mwa sabata, ndipo ndalama zotere ziyenera kuwerengedwa ngati mbali ya mtengo wokonzera bogi, mofanana ndi matabwa ndi vanishi. Mmisiri amene akuphunzitsa amachedwa, ndipo shedi imene yatenga ophunzira awiri mwina idzatulutsa bogi imodzi yokha m'chaka chimene ikanatulutsa ziwiri. Komiti yoyendetsa njanji ivomereze kuchedwa kumeneko polemba ndondomeko ya chaka, ndipo isamafunse mkulu wa shedi chifukwa chimene bogi yachiwiri sinatuluke.